Tambala Amene Anameza Ndolo za Njinga Yanga

Maenje a m'misewu ya ku Dzivarasekwa, dera la mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, anaimaliza njinga yanga yamoto moti chiwongolero chinayamba kukakamira pakati, ndipo ndikagwira buleki yakutsogolo chinkagogoda ngati muli mwala. Mafoloko nawo anali akudontha oilo, amene ankatsika mpaka pafupi ndi buleki. Malume anga, amene anakonzapo njinga zakapalasa ali mnyamata, anaweruza kuti ma bearing a chiwongolero adyeka ndipo ma seal a mafoloko, timphira totsekera oilo kuti asadonthe, atha.

Loweruka m'mawa ndinakwera kombi kupita ku Siyaso, msika wa ku Mbare umene umapezeka chitsulo cha mtundu uliwonse. Wogulitsa wina anandiyalira mitundu iwiri. Woyamba unali wa ndolo zapadera, tizitsulo tozungulira tija timene timamatidwa ndi girizi m'mbale zake kamodzikamodzi. Wachiwiri unali wa ma tapered roller, amene timagudumu take timakhala m'chikombole chimodzi, ndipo amapirira kugunda kwa maenje chifukwa kulemera sikutsamira pa kadontho kamodzi ayi. Anandiuza kuti achiwiriwo ndi okhalitsa bola osawamanga mopitirira, chifukwa ukatero njinga imayenda modzandira. Ine ndinayang'ana mtengo, ndinayang'ananso m'thumba, n'kusankha ndolo, zimene anandikulungira m'kapepala.

Pa ma seal anandifunsa manambala atatu amene amadindidwa pamwamba pake, osonyeza kukula kwa mkati, kwa kunja ndi msinkhu m'mamilimita. Ine ndinatulutsa kaulusi kamene ndinazunguliza pafoloko kunyumba. Munthuyo anakayang'ana kaulusiko nthawi yaitali, kenaka anandipatsa olembedwa 30x42x10.5, ndipo ananena mwaulemu kuti katundu akachoka sabwezedwa.

Masana tinaimika njingayo pa njerwa pakhomo pamene ndimachita lendi. Malume anakhala pampando kuti aziyang'anira, popeza pa msinkhu wawo ntchito imagwiridwa ndi pakamwa. Nditamasula nati yapamwamba, ndolo zakale zinayoyokera mumchenga, zina zili zadzimbiri, zina zosweka. Zatsopanozo ndinazikhuthulira m'mbale ya chitsulo n'kuiika pansi, ndipo ndinalowa m'nyumba kukatenga girizi.

Potuluka ndinapeza tambala wa amayi eni nyumba ataimirira pambalepo, khosi lili m'mwamba, akumeza mwaufulu. Malume anali m'tulo, chipewa chili kumaso.

"Malume, tambala wadya ndolo!"

"Wadya zingati, mphwanga?" anafunsa asanavule n'komwe chipewa.

Titawerenga zinaperewera zitatu. Ndinaganiza zoti ndingomanga choncho, koma Malume anakana, ndipo apa ananena zoona: ndolo zikachepa kwambiri zimaunjikana mbali imodzi, chiwongolero n'kumagwedera, pomwe kusakaniza zakale ndi zatsopano kumakumba mbale zatsopanozo. Ndinamuvindikira tambalayo ndi dengu, ndi chiyembekezo choti chimene chalowa chiyenera kutuluka. Mpaka dzuwa kulowa ndinali chogwada, kamtengo kali m'manja, ndikufufuza zitosi pamaso pa ana a m'dera lonse, amene anafika pobetcherana.

Apa m'pamene Malume anakumbukira kuti nkhuku ilibe mano, choncho timiyala imameza timakhala m'nthutumba n'kumaperera chakudya, ndipo sitimatuluka msanga. Nzeru imeneyi akanatha kuinena masana, koma anati sanafune kundifooketsa.

Amayi eni nyumba atabwera kuchokera ku kwaya anamvetsera nkhani yonse modekha, manja ali m'chiuno. "Mwana wanga," anatero, "tambala ameneyu ndi wambewu, ndipo tsopano ali ndi zitsulo zako m'mimba. Ndimusunga bwanji?" Mtengo umene anatchula, m'madola a ku America osati mu ZiG, ndalama ya ku Zimbabwe, unaposa wa ma tapered roller aja ndinawakana. Ndinalipira osanenerera, chifukwa munthu wa lendi satsutsana ndi mwini chitseko.

Lamulungu tinamupha. M'nthutumba munali timiyala, kachidutswa ka botolo ndi ndolo ziwiri zonyezimira bwino kuposa zinzake. Yachitatu inapezeka pansi pa mpando wa Malume.

Chiwongolero chitatheka, ndinatsegula mafoloko, ndipo pa seal yakale, nditaipukuta ndi chala, panaoneka bwinobwino manambala akuti 31x43x10.5. Yatsopanoyo inakana kulowa pachitsulo, ndipo nditaikakamiza mlomo wake unang'ambika, kasipuling'i kam'kati n'kudumphira kumene kunali nkhuku zotsala. Amayi eni nyumba anathamanga kukazitsekera m'khola, akufuula kuti sakufuna kundigulitsa ziweto zonse mwezi umodzi.

Madzulo tinadya nsima ya tambala. Nthutumba, monga mwa mwambo, inapita kwa wamkulu, ndipo Malume anaitafuna mosamala kwambiri, akufunsa ngati ndinawerenga bwino.