Lipoti la ulendo wa alangizi a sukulu za kwacha wokaphunzira ku Chiradzulu

Tinanyamuka pa Dedza boma mbandakucha, m'katikati mwa mwezi wa Julayi, chisanu chikuluma zala. Tinalipo anthu 12, kunena alangizi 8 a sukulu za kwacha, mamembala 3 a komiti ndi ine amene ndimasunga mabuku a gulu lathu. Chimene chinatiyendetsa ndi thandizo la ndalama la zaka ziwiri limene gulu lathu lalandira kumene kuti liphunzitsire akuluakulu kuwerenga, kulemba, masamu ndi Chingerezi. Ndalamazi tinazilandira ndi manja awiri komanso ndi nkhawa, chifukwa thandizo limene tinapatsidwa m'mbuyomu litatha, makalasi athu ambiri anatsekedwa pasanathe chaka. Titamva kuti ku Chiradzulu kuli gulu limene makalasi ake anapitirirabe thandizo litatha, tinagwirizana kuti tisakhudze ngakhale tambala imodzi tisanakaone mmene anzathuwo anachitira.

Tinatsika ndi msewu wa M1 kudutsa Ntcheu, n'kukhotera ku Balaka pa Chingeni, n'kuwoloka Shire pa Liwonde. Titapitirira Zomba tinafika pa Namadzi, kufupi ndi koleji ya Magomero imene imaphunzitsa alangizi a zachitukuko amene amayang'anira ntchito ngati yathuyi m'maboma, ndipo kuchokera pamenepo tinalowa msewu wafumbi. Amfumu a m'mudzimo anatilandira pabwalo dzuwa litapendeka pang'ono, koma sanachulutse gaga m'diwa. Iwo anati, “Ana anga, mwabwera kudzaona sukulu, ndiye pitani mukaione isanaweruke.”

Kalasi yoyamba inali m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Munali ophunzira oposa 20, pafupifupi onse amayi, ndipo ankagwiritsa ntchito buku la Chuma ndi Moyo limene ifenso timaphunzitsira kwathu. Mabukuwo anali akale ndithu, koma lililonse linali lokutidwa ndi pepala la thumba la shuga ndiponso linali ndi nambala yake. Ine ndinakhala pafupi ndi gogo wina amene ankalemba dzina lake m'kaundula. Pensulo anaigwira mwamphamvu mpaka nsonga za zala zinayera, ndipo chilembo chilichonse ankayamba wachitchula chapansipansi asanachilembe. Atamaliza anandicheukira n'kunena kuti, “Mwanawe, zaka zonsezi ku banki mkhonde ndinkadinda chala, koma chaka chino anzanga andisankha kuti ndiziwerenga ndalama pamaso pa onse.” Ndakhala ndikulemba malipoti a sukulu za kwacha kwa nthawi yaitali, ndipo ndikuvomereza kuti sindinapezepo malo pafomu iliyonse olembapo nkhani ngati imeneyi.

Kalasi ya Chingerezi inali pansi pa mtengo wa mango, ndipo kumeneko n'kumene tinapeza abambo ndi anyamata. Izi zinatidabwitsa, chifukwa kwathu abambo amachita manyazi kukhala pamkeka umodzi ndi akazi awo n'kumaphunzira a, e, i, o, u. Mlangizi wa kalasiyi, mnyamata amene analemba mayeso a MSCE koma n'kusowa ndalama zopitirizira maphunziro, sanayambe ndi galamala ayi. Anabwera ndi botolo lopanda kanthu la mankhwala ophera mbozi m'chimanga, n'kupempha ophunzira kuti apeze pamene palembedwa mlingo wothira m'madzi ndi pamene palembedwa chenjezo. Botololo linayenda dzanja ndi dzanja. Bambo wina atapeza mzere wa chenjezo anakhala chete kwa kanthawi, kenako anauza anzake kuti nyengo yathayi ankasakaniza mankhwala omwewo ndi manja. Pambuyo pake anayeserera kudzaza fomu ya pachipata cha dziko, popeza anyamata ambiri a m'deralo maso awo ali ku Joni, ndipo amadziwa kuti wosatha Chingerezi amavutika kupeza ganyu ndiponso amasayina mapepala amene sakuwamvetsa.

Tsiku lachiwiri ndilo linali phata la ulendo wathu. Msungichuma wa gululo, mayi wachikulire wofatsa, anatitsegulira kope lake la ndalama limene tsamba lililonse linali ndi malisiti omatidwa m'mbali, ndipo anatifotokozera mmene anagawira thandizo lawo. Sanagule ma T-shirt, sanachitire misonkhano kumalo ogona alendo, ndipo mwambo wa tsiku lokumbukira kulemba ndi kuwerenga pa 8 Seputembala ankauchitira pabwalo la amfumu, aliyense atabwera ndi ufa wake. Gawo lalikulu la ndalama linapita kwa mlangizi mwiniyo: maphunziro a sabata ziwiri asanayambe ntchito, kukumana kwa alangizi onse kamodzi pamwezi kuti athandizane pa maphunziro ovuta, njinga imene imakhala ya mlangizi akakwanitsa zaka ziwiri, ndi kandalama ka sopo koperekedwa pa tsiku lake osadumphitsa. Chimene chinatigwira mtima kwambiri n'chakuti alangiziwo anakhazikitsa banki mkhonde yawoyawo kuyambira mwezi woyamba, moti pamene thandizo linkatha aliyense anali ndi kampamba, ndipo anali ndi chifukwa chokumanirabe sabata iliyonse.

Mayiwo sanatibisire zovuta. Namondwe wa Freddy atagwa m'mwezi wa Malichi 2023, boma la Chiradzulu linali limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa kwambiri, ndipo makalasi anaima kwa miyezi ingapo chifukwa ophunzira ena anali m'misasa. Mu Novembala chaka chomwecho ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo ndalama zimene anaika padera zogulira makope ndi choko zinangokwanira gawo chabe la zimene anakonza. Anatilangiza kuti zinthu zosawola monga mabuku, mabolodi ndi njinga tizigule ndalama zikangofika, komanso kuti tipemphe otithandiza atilole kusintha bajeti mitengo ikakwera, ndipo chilolezocho chilembedwe m'pangano osati kungolonjezana pakamwa.

Madzulo a tsikulo tinatsutsana tokhatokha, ndipo ndikuona kuti n'koyenera kuti mkanganowu ulembedwe. Wapampando wathu anaumirira kuti munthu wodzipereka sayenera kuzolowetsedwa ndalama, chifukwa tsiku limene ndalamazo zidzathe nayenso adzasiya ntchito. Mmodzi wa alangizi athu, mayi wa ana anayi amene waphunzitsa zaka 6, anayankha mwaulemu koma mosapsatira mawu. Iye anati, “Bambo, ine ndinadzipereka ndi mtima wonse, koma maola amene ndimakhala pabolodi ndi omwewo amene anzanga amakhala kudimba, ndipo ana anga sadya satifiketi za ophunzira.” Ine ndili kumbali ya mayiwa. Ndondomeko ya boma ya sukulu za kwacha, imene inayamba m'dziko lonse mu 1986, yakhala ikudalira anthu a m'mudzi momwemo oterewa, ndipo zimene ndaona ine n'zakuti kalasi imafa mlangizi akachoka, ngakhale ophunzira atakhala kuti akadali ndi chidwi. Kandalama ka sopo sikagula mtima wa munthu, koma kamamuthandiza kuti asasankhe pakati pa kalasi ndi chakudya cha banja lake.

Pali chinanso chimene ndinaphunzira chokhudza ntchito yangayi ya malipoti. Opereka thandizo ambiri amafuna kudziwa chiwerengero cha anthu amene alembetsa, ndipo ife timasangalala kutumiza nambala yaikulu ya mwezi woyamba. Anzathu a ku Chiradzulu amawerenga anthu amene adakalipo mu Januwale ndi Febuluwale, pamene kupalira kwafika pachimake ndipo m'nkhokwe mulibe kanthu, popeza maphunziro a sukulu za kwacha amatenga miyezi 10 ndipo amene wasiya panjira sachedwa kuiwala zimene anaphunzira. M'miyezi imeneyo amachepetsa masiku a kalasi kukhala awiri pasabata m'malo mongotseka, ndipo wophunzira akajomba katatu, anzake awiri amapita kukamuona kunyumba. Kalembera wa 2018 anasonyeza kuti mwa anthu a zaka 5 kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse sadziwa kulemba ndi kuwerenga, choncho olembetsa sadzasowa, ndipo ntchito yeniyeni ndiyo kuwasunga mpaka tsiku la mayeso.

Si zonse zimene tingatengere. Midzi yawo ndi yoyandikana, pamene kwathu mlangizi mmodzi amayenda mtunda wautali m'mapiri, moti kukumana sabata iliyonse sikungatheke. Komanso ife tili ndi achinyamata ochepa amene angaphunzitse Chingerezi molimba mtima, ndipo tiyenera kuyamba tawapeza ndi kuwaphunzitsa tisanalengeze za kalasiyo m'midzi, kuopa kukhumudwitsa abambo amene angabwere kamodzi kokha.

Pobwerera tinaima pa Liwonde kuti tidye nkhomaliro, ndipo pomwepo tinagwirizana zoti tikapereke ku komiti yonse: bajeti ilembedwenso kuti gawo la alangizi likule, ndalama za mwambo wotsegulira zichotsedwe, ndipo tipemphe otithandiza kuti lipoti lathu lizisonyeza chiwerengero cha ophunzira mwezi ndi mwezi. Wapampando anavomera mfundo ya njinga koma ya kandalama ka sopo anati ikakambidwenso, choncho nkhaniyi tidzaiika poyamba pa msonkhano wa mwezi wamawa, ndipo tapempha msungichuma wa ku Chiradzulu kuti adzabwere ndi kope lake lija.