Mbaula imene tinkaizunza ndi imene yatifikitsa pano

Makasitomala athu okondedwa, sabata ino tatsegula shedi yathuyathu, ya malata ndi mabenchi, ndiye zodya kanyenya chiimire pansi pa mtengo zija zatha. Mwatiyamikira ambiri, koma tisanameze ulemu wonsewo tiulule kaye mlandu wathu: mbaula yowotchera nyama imene inayambitsa bizinesi ino tinaizunza koopsa.

Inali ya mgolo wodula pakati, miyendo ya zitsulo, waya pamwamba. Tinakaiwotcheretsa ku Ndirande ndi ndalama ya banki m'khonde ya mayi a kunyumba, pakuti aja amati amathandiza mabizinesi ang'onoang'ono ankafuna chikole cha firiji, ngati kuti munthu wongoyamba kumene amakhala nayo. Lero omwewo ndi amene akutiimbira foni.

Tikaweruka usiku tinkangokhuthulira madzi pa makala oyaka kuti tidzawotchere mawa lake, chitsulo chili psuu, mpaka mgolo unayamba kupindika. Phulusa sitinkawola. Mafuta a mbuzi ndi mchere zinkadontherera momwemo n'kuumbika ngati phula, ife n'kumanamizana kuti ndi zimene zimakometsa nyama. Kugona inkagona panja, osavundikira ngakhale ndi chisaka. Amayi amene amacheza chidulo akudziwa mphamvu ya phulusa likakumana ndi madzi. Ndiye taganizani phulusa lonyowa, losakanikirana ndi mchere, likugona pa chitsulo chopyapyala dzinja lonse. Dzimbiri linkadya chamkati, kunja kukuoneka bwinobwino.

Namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023, anzathu ku Chilobwe ndi kwina anataya abale ndi nyumba, kotero za mbaula palibe anazikumbuka. Inakhala yodzaza madzi mpaka mvula inakata. Tinangoipendeketsa, kuthira makala, ntchito n'kupitirira.

Inadzatibwezera tsiku limene Bullets ndi Wanderers zinkakumana pa Kamuzu Stadium. Mpira utatha anthu anali mbwee, ena atalipira kale, nyama ya mbuzi yathunthu ili pamoto. Tinangomva phwa! Pansi pa mgolo panabooka, makala anakhuthukira pansi, waya n'kupendekeka, nyama yonse m'dothi. Mwamwayi palibe anapsa. Tinabweza ndalama za anthu manja akunjenjemera, pamene mbuziyo inali ya ngongole.

Bambo wowotcherera uja ataiona anapukusa mutu, n'kutifunsa ngati chinthu chotidyetsa timachisunga choncho. Anaiika chigamba, ndipo tinkati tikapezako bwino tigula ina. Koma kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho, mitengo ya zitsulo inathawa. Tinabwereranso kwa iwo, anaika chitsulo chokhuthala pansi, zibowo zolowera mpweya ndi kathireyi kowolera phulusa. Pano timaisiya izizire yokha, phulusa kutaya, waya kukwecha ndi kupaka mafuta, kenako kuilowetsa m'nyumba.

Tithokoze Mulungu poyamba. Zikomo mayi a kunyumba, amene munapirira osatinena pagulu. Zikomo amayi a banki m'khonde potidikira mwezi umene tinalephera kubweza, achimwene a kubutchala amene simunatitsekere buku, ndi bambo athu a ku Ndirande. Anyamata a kabaza amene munatithandiza kuzimitsa makala tsiku lija, Ambuye akudalitseni. Inu amene munakana kulandira ndalama zanu n'kuti tidzadya tsiku lina, sitidzakuiwalani. Nanunso ogulitsa makala amene mumaika akuluakulu pamwamba, pansi fumbi lokhalokha, zikomo, mwatiphunzitsa kupisa dzanja m'thumba tisanalipire.

Tsono bwerani mudzaione nokha, zigamba zake sitibisa. Pali mbuzi, nkhuku ya lokolo, soseji, chiwindi ndi tchipisi, tsabola wa kambuzi wosinja tokha. Timayatsa moto masana mpaka usiku, ndipo pa ukwati kapena chinkhoswe timabwera ndi mbaula yathu, bola mutiuze kukadali nthawi. Airtel Money ndi Mpamba timalandira.