Zomwe ndaphunzira pa bolodi yotambalala ya zipsepse ziwiri

Anthu ambiri akaona surfboard, bolodi yokwerera mafunde a panyanja, yaifupi koma yotambalala, ya zipsepse ziwiri zokha kunsi, amati imeneyo ndi ya ongoyamba kumene. Si choncho ayi. Ineyo ndakhala ndikuwerenga, kujambula papepala, kusema fomu (thovu louma lopepuka lomwe amapangira bolodi) kenako kukaiyesa pamafunde, ndipo chomwe chandilowa m'mutu nchakuti kutambalalako kumakupatsa liwiro laulere koma kumailanda bolodi mphamvu yogwira madzi, ndiye ntchito yonse ya wosema imakhala yobwezeretsa mphamvu imeneyo osataya liwiro lija.

Nzeruyi ndi yakale ndithu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 Bob Simmons ku California ankapanga kale mabolodi a mchira waukulu ndi zipsepse ziwiri, ataphunzira momwe maboti othamanga amayendera pamwamba pa madzi. Kunsi kukakhala kotakata komanso kwafulati madzi amaikankhira bolodi m'mwamba, silowa pansi, imangoti fyuu. Kenako mu 1967 Steve Lis wa ku San Diego anasema yomwe amaitcha fish, yokwera chogwada, mchira wake wogawika pawiri ngati wa namzeze.

Apa pamchirapa mpamene ndakhalitsapo kwambiri. Bolodi ya mafiti 5 ndi mainchesi 6, m'lifupi mainchesi 21, mchira wake umakhala waukulu moti kuti mbali imodzi imire pokhota pamafunika mphamvu zambiri. Ukaudula pakati paja wachotsako fomu yomwe imakana kumira, ndipo umatsala ndi nsonga ziwiri, iliyonse ndi chipsepse chake pafupi, ndiye ukapendekera kumanja nsonga ya kumanja ndi chipsepse chake zimaluma madzi limodzi. Zipsepse zake, zomwe amazitcha keel, nzazitali m'tsinde koma zosazama, zimakhala kufupi ndi m'mphepete. Ukazilozetsa kwambiri kumphuno, kunsonga yakutsogolo kuja, bolodi imakhota msanga koma zimakoka madzi, liwiro limachepa, ukaziwongola imathamanga koma imafuna malo ambiri pokhota. Kusiyana kwake nkochepa zedi, mwina kota ya inchi basi, koma pamadzi miyendo imamva.

Posema ndimakonda nthawi yomwe wazimitsa getsi lam'mwamba nkusiya am'mbali okha. Mthunzi umaonetsa paliponse pomwe pulena inadumpha, kachitunda komwe dzanja silinakamve, fumbi la fomu lili mbuu m'mikono. M'mphepete ndimapepula kwambiri chakumchira, chifukwa bolodi yotambalala ikakhalanso yonenepa m'mbali ndiye kuti siimira pokhota olo pang'ono, imangokukankha.

Kukwera kwake nkosiyana ndi ya zipsepse zitatu. Kupalasa nkosavuta, funde umaligwira lisanaimirire, ndipo pomwe funde lafooka anzako akudumphadumpha kufuna liwiro iweyo ukungodutsa. Koma pakati palibe chipsepse chokutsamiritsa. Ukangoponda mchira mwadzidzidzi uja umaterereka, bolodi kutembenuka iwe chagada m'madzi. Phazi lakumbuyo liyenera kukhala pamwamba penipeni pa zipsepse, maondo opinda, ndipo umayamba kupendekera pang'onopang'ono mpaka mbali yonse italowa m'madzi, kenako nkudikira kaye, bolodi imalize yokha mzere wake wautali. Kudikirako ndi komwe kumavuta, thupi limafuna kuthamangira. Funde likakhala lalikulu lamabampu imadumphadumpha chifukwa cha kunsi kwafulati kuja, pamenepo ine ndimatenga ina.

Chinandithandiza kumvetsa ndi nkhani ya Mark Richards wa ku Newcastle, Australia, yemwe anakhala katswiri wa dziko lonse lapansi kanayi motsatizana, 1979 mpaka 1982, ambiri amamukumbukira ndi bolodi ya zipsepse ziwiri. Yake sinali yotambalala ngati fish ija, mchira anauchepetsa, zipsepse zoimirira, kuti izikhota mwachangu pampikisano. Simon Anderson, munthu wamkulu thupi, sankakhutira ndi kuterereka kuja, ndiye mu 1980 anaika chipsepse chachitatu kumbuyo, 1981 nkukapambana nayo mpikisano ku Bells Beach, ku Australia komweko. Onsewa ankalimbana ndi vuto lomwelo la liwiro ndi kugwira madzi, aliyense kulithetsa molingana ndi thupi lake komanso mafunde ake.

Bolodi yotsatira ndajambula kale pakatoni. M'lifupi ndasiya mainchesi 21 omwewo, koma mchira ndachepetsako inchi imodzi ndipo zipsepse ndizisunthira kumbuyo pang'ono, ndione ngati ingagwire bwino funde likaimirira.