Fungo la petulo pa pikapu: mmene ndinathanirana ndi canister

Nyali ya check engine, yochenjeza za vuto pa galimoto, yazima tsopano, koma tsiku lomwe ndinataya ku garaja likundiwawabe. Pikapu yanga inkanunkha petulo ikaima, ndipo pothira mafuta pampu inkangodula thanki isanadzaze. Makaniko analumikiza makina ake, anawerenga nambala ya vuto ya P0446, yoloza ku vuto la potulukira mpweya wa m'thanki, anaifufuta, n'kundilipiritsa. Kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndili pabenchi, iye osagwada n'komwe kusuzumira pansi pa galimoto! Patangopita masiku ochepa nyali ija inayakanso. Ndalama yanga inagula chiyani pamenepo?

Ndinalowa ndekha kunsiko. Canister ndi kabokosi kakuda kodzaza makala, ndipo pa galimoto yanga kali pafupi ndi thanki, pamwamba pa tayala la sipeya. Makalawo amasunga nthunzi ya petulo, kenako purge valve, kachitseko ka paipi yopita ku injini, imatseguka injini ikatentha, nthunziyo n'kukapsera mu injini. Tsitsani kaye tayalalo kuti muone bwino. Nditazula paipi ya vent valve, kachitseko kolowetsa ndi kutulutsa mpweya mu canister, fumbi lofiira linakhuthukira m'manja mwanga, sefa yake itatsekeka ndithu. Mpweya wa m'thanki unalibe potulukira, n'chifukwa chake pampu inkadula.

Ndaiwala kunena: chotsani waya wa batire musanayambe, ndipo fodya akhale kutali. Onaninso labala la chitsekerero cha thanki, chifukwa likang'ambika limayatsa nyali yomweyo.

Vent valve imakhala yotseguka ikakhala yopanda magetsi, pamene purge valve imakhala yotseka. Uzirani mpweya mu iliyonse, kenako ipatseni magetsi a batire, mumve ngati ikuti "ka". Canister yakeyo igwedezeni. Ikamalemera, kapena timakala tikamagwera m'mapaipi, yatha imeneyo, gulani ina. Musaitsuke ndi madzi.

Chimene chimapha canister msanga n'kuwonjezera petulo pampu itadula kale thanki itadzaza. Petulo wamadziyo amalowa m'makala n'kuwaononga, pomwe iwo anapangidwira nthunzi yokha. Canister yanga inapulumuka, ndinangosintha vent valve ndi sefa yake, ntchito yomwe makaniko uja akanaimaliza dzuwa lisanafike paliwombo. Ndibwerezenso: pampu ikadula, musalole kuti wothira mafuta aonjezere ngakhale pang'ono. Ngati mumayenda kwambiri m'misewu yafumbi, sefa ija muziiyang'ana nthawi iliyonse yosintha oyilo.