Mphepo ya usiku imene si mphepo

Pulogalamu yanga tsopano ikutha kuwerenga deta ya NEXRAD, ma radar a ku America aja amene NOAA, bungwe la boma loona za nyengo, imapereka zotuluka zake mwaulere, n'kundiuza liwiro la mphepo ndi komwe ikulowera pa msinkhu uliwonse. Ndikugwiritsa ntchito Py-ART, pulogalamu yowerengera deta ya radar, ndipo zimene ndapeza ndimaziyerekeza ndi za mabaluni oyezera nyengo amene amaulutsidwa pa 00 ndi 12 UTC (nthawi imene dziko lonse lapansi limayendera).

Vuto loyamba, la manambala opindika mphepo ikathamanga kwambiri, ndathana nalo. Radar imangoona mphepo yobwera kwa iyo kapena yoithawa, ndipo ili ndi polekezera. Ya mafunde a masentimita 10, yotumiza mafundewo ka 1000 pa sekondi, imayeza mpaka mamita 25 pa sekondi basi. Mphepo ya 30 yothawa imalembedwa ngati ya 20 yobwera. Koma cholakwika chimenechi chimadziulula chokha: pa chithunzi, pakati pa malo ofiira (mphepo yothawa) pamatulukira kachigamba kobiriwira (mphepo yobwera).

Chimene chandisowetsa mtendere ndi deta ya mu Okutobala. Dzuwa likangolowa, chithunzi chimadzaza bwino lomwe, chosalala, chopanda mabowo, ndipo mphepo imalimba mwadzidzidzi n'kukhotera kum'mwera. Kumadzulo kwa dzikolo 12 UTC imakwana kusanache, ndiye ndinayang'ana baluni ya nthawi imeneyo. Sikugwirizana ndi za radar. Zimene radar ikuyeza ndi mbalame zosamuka! Mbalame ili ndi mapiko ake, imawonjezera mamita 10 kapena kuposa pa sekondi pamwamba pa mphepo yeniyeni, ndipo popeza zonse zalunjika kumodzi, masamu amatuluka oyera kuposa a tsiku la mvula. Kwa ine cholakwika choopsa ndi chimenechi, chifukwa palibe chokukayikitsa.

Mwayi wake, pofika 2013 ma radar amenewa anali atayamba kutumiza mafunde ogona ndi oimirira pamodzi. Madontho a mvula amabweza awiriwa mofanana kwambiri, moti correlation coefficient yake, nambala yoyeza kufananako, imayandikira 1, pamene ya mbalame imatsika. Ndayesa kusefa nayo ndipo mbalame zachokadi.

Zachoka pamodzi ndi tizilombo touluka, ndipo apa mpomwe ndaima. Tizilombo tating'ono timangotengeka ndi mphepo, moti kukakhala kopanda mvula ndi tomwe timaionetsa. Sindikufuna kutitaya. Sabata ino ndiyesa kusiyanitsa ziwirizi ndi differential reflectivity, yoyeza kusiyana kwa mphamvu ya mafunde ogona ndi oimirira akabwerera, imene kawirikawiri imakwera kwambiri pa tizilombo kusiyana ndi pa mbalame, ndiyambire pa deta ya masana.