Ndinapangira a banki mkhonde app, za iPhone zinandikanika

Mayi anga ali mu gulu la banki mkhonde ndipo msungichuma wawo amalemba masheya ndi ngongole zonse mu hadikava, tsiku lina mvula inanyowetsa bukulo inki nkubalalika masamba atatu, anthu anakangana mpaka dzuwa kulowa kuti uje wabweza zingati. Ine ndi ka IT kangaka ndinangoti musadandaule ndikupangirani app. Pakamwa sipalemera aise.

Poyamba ndimafuna kungolemba ya Android yokha ndi chiyankhulo cha code chotchedwa Kotlin, poti gulu lonselo ndi ma itel ndi ma Tecno okhaokha. Koma mlongo wanga ali ku Johannesburg naye amaponya masheya kudzera kwa mayi ndipo iyeyo ngwa iPhone, ndiye nkhani yolemba code kamodzi kuti igwire mafoni onse inayambira pamenepo.

Pa zida zochitira zimenezi ndinayang'ana React Native, ya Facebook ija inatuluka mu 2015, imayendera JavaScript. Ndinayang'ananso Flutter ya Google yomwe 1.0 yake inatuluka mu December 2018 ndipo umalemba mu Dart. Ina yotchedwa Xamarin sindinavutike nayo poti Microsoft inasiya kuyisamalira mu May 2024 nkumauza anthu asamukire ku .NET MAUI. Chomwe chinandikoka ku Flutter nchakuti imajambula yokha batani lililonse ndi chilichonse cha pa sikirini ndi injini yake, pomwe React Native imatenga mabatani a foniyo, ndiye ndinaona kuti ka itel kakale ndi iPhone zionetsa chinthu chimodzimodzi, sindizamvanso zoti kwa ine kukuoneka mwina. Dart ndinayizolowera sabata imodzi, ngati unagwirapo Java siivuta.

Mavuto anayamba ndi laputopu yanga ya 4GB RAM. Kutsegula Android Studio, pulogalamu yolembera ma app, ndi emulator, ka foni koyerekezera ka pa kompyuta, nthawi imodzi fani imalira ngati chigayo, mouse osasuntha. Ndinasiya za emulator, ndinatenga foni ya mayi nkudina Build number kasanu ndi kawiri kuti Developer options itseguke, kuyatsa USB debugging, kulumikiza chingwe basi, code ndikulemba mu VS Code. Apa mpomwe hot reload inandikomera, ukasintha mtundu wa batani nkusevinga pafoni pasinthiratu pompo osadikira build yonse, ntchito yosandutsa code kukhala app. Koma build yoyamba ija imadawuniloda zinthu zambirimbiri, bandulo yanga inathera panjira magetsi nawo nkuzima, ndinakamalizira kwa mnzanga wa WiFi.

Poti komwe amakumanira netiweki imabwera ikafuna, zonse ndinazisunga mufoni momwemo ndi ka database ka SQLite, osadalira intaneti olo pang'ono. Kenako APK, fayilo yoikira app mufoni, inatuluka yonenepa foni ya msungichuma nkumati malo adzadza. Apa ndinaphunzira flutter build apk --split-per-abi, imagawa fayilo ija malinga ndi purosesa ya foni, mafoni otchipa ambiri amafuna ya armeabi-v7a ndipo imachepa kwambiri. Ndinangoitumiza pa WhatsApp.

Za iPhone tsopano. Code ndi imodzi inde, sananame, koma kuti uyibilde pamafunika Xcode, pulogalamu ya Apple yomwe imayenda pa Mac pokha, kapena ulipire makampani omwe amakubildira pa intaneti, ndipo kuti ifike pa App Store akaunti ya Apple ndi $99 chaka chilichonse. Google Play ndi $25 kamodzi kokha. Ndi mmene dola ikusowera muno ndikanayamba bwanji kulipira $99 pachaka chifukwa cha munthu mmodzi? Sisi ndinawauza chilungamo, pano mayi amangowatumizira screenshot akamaliza msonkhano ndipo sadandaula. Kunena zoona Kotlin ija ikanakwana, ngakhale Flutter sindikunong'oneza nayo bondo poti maonekedwe a app amapangika mwachangu.

Tsiku lokaonetsa ndinavala bwino ndithu, ndikuyembekeza kuti afunsa za chiwongoladzanja mmene ikuwerengera. Msungichuma anayigwira foni patali, kuyibweretsa pafupi, nkuti "Mwana wanga, tizilembo taketi tachepa, ife maso anatha." Ndinakuza zilembo usiku womwewo nkuchotsa chingerezi chonse, pa Save ndinalemba Sungani. Akuyigwiritsa ntchito pano, koma hadikava sanaisiye, amalemba konse kuwiri ndipo bukulo masiku ano limayenda mu jumbo.