Zimene ndaphunzira posankha gitala ndi ndalama zowerengeka

Wophunzira gitala aliyense amafika poti gitala yobwereka siikumukwaniranso. Ya kutchalitchi imayenera kubwezedwa kuti a kwaya ayeserere, ndipo zala zimene zayamba kulimba zimafewanso zikakhala kanthawi osagwira mawaya. Ine ndalama zimene ndinasunga sizinali za gitala yodula, koma mtima sunalolenso kuti ndizitaye pa zija zimapachikidwa m'mashopu pamodzi ndi mawailesi ndi mapoto. Ndinkafuna yapakatikati. Ndisanatulutse ndalama ndinayamba ndawerenga, kufunsa odziwa, ndi kugwira magitala a anthu ena, ndipo maphunziro amenewo ndi amene ndikulemba pano.

Chinandidabwitsa poyamba n'chakuti mawu a gitala yopanda magetsi sachokera kwenikweni m'mawaya. Waya ndi wowonda kwambiri, payekha sangakankhe mpweya wokwanira kuti munthu amve ali patali. Kunjenjemera kwake kumadutsa pa bridge, kathabwa kamene mawaya amamangidwapo, n'kulowa m'thabwa lakumaso, lija lili ndi bowo pakati, ndipo thabwalo ndi limene limalira. Kuchindikala kwake ndi pafupifupi mamilimita 3 basi, ndipo kunsi kwake kuli timitengo tomatidwa tolilimbitsa. Mmisiri wa ku Spain, Antonio de Torres, anafuna kutsimikiza zimenezi mu 1862. Anapanga gitala ya thabwa labwino kumaso, koma kumbuyo ndi m'mbali anaikako makatoni. Gitalayo inalira bwino ndithu, ndipo mpaka lero ikusungidwa ku Museu de la Música ku Barcelona. Nkhani imeneyi ndi imene inandiuza kumene ndalama zanga zochepa ziyenera kupita.

Mathabwa akumaso ali mitundu iwiri. Lina ndi thabwa lenileni lochekedwa ku mtengo, limene pa malonda amalemba kuti solid top. Lina ndi timapepala ta mtengo tomatidwa pamodzi ngati pulayiwudi, limene amati laminate. Thabwa lenileni limanjenjemera momasuka, mawu ake amatuluka odzaza ndipo amachedwa kuzilala. Lomatiza limaumirira chifukwa cha guluu ndi mizere yopingasana. Ogulitsa ambiri sanena bodza poyera, amangosiya mawu amodzi. Akalemba kuti spruce top (spruce ndi mtundu wa mtengo) popanda solid, kawirikawiri ndi lomatiza. Njira yoonera ndi maso ndi kuyang'anitsitsa m'mphepete mwa bowo lija: pa thabwa lenileni mizere ya mtengo imatsika kuchokera pamwamba mpaka pansi osaduka, pa lomatiza pamaoneka magawo osanjikizana. Ena amapaka utoto wakuda m'mphepetemo, ndipo zikatero ine ndimayamba kukayika.

Apa ndi pamene magitala apakatikati amasiyanirana ndi otsika. Yamaha F310, imene imapezeka kwambiri m'manja mwa oyamba kumene, thabwa lake lakumaso ndi lomatiza. Yamaha FG800 ili ndi solid spruce kumaso, kumbuyo ndi m'mbali n'komatiza, ndipo mtundu wa FG umenewu kampaniyo inauyamba mu 1966. Fender CD-60S nayo anaipanga mwa njira yomweyo. Ku America FG800 ndi CD-60S amagulitsidwa madola 200 ndi kupitirirako, koma akamafika kuno amakhala atakwera ndi ndalama zonyamulira ndi msonkho. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo chilichonse chochokera kunja chinathawa m'manja mwa munthu wosunga pang'onopang'ono. N'chifukwa chake sindingauze munthu kuti yapakatikati ndi ya makwacha akutiakuti. Mtengo wa mwezi uno si wa mwezi wa mawa.

Za mitengo ya kumbuyo ndi m'mbali ndinawerenga zambiri, koma pa thumba ngati langa sizisintha chisankho. Mahogany, nato, sapele wa ku nkhalango za kumadzulo ndi pakati pa Africa, zonsezi zikakhala zomatiza kusiyana kwake n'kochepa. Rosewood, amene ali m'banja limodzi ndi phingo wathu, anaikidwa pansi pa malamulo okhwima a CITES, mgwirizano wa mayiko woyang'anira malonda a zomera ndi nyama zimene zili pangozi yotha, mu January 2017, ndipo makampani ambiri anayamba kuika walnut ndi mitengo ina pamalo oponda zala. Malamulowo anafewetsedwa pa zoimbira mu 2019. Mukapeza gitala yopanda rosewood musaiderere, si chizindikiro chakuti ndi yachabechabe.

Ndikufuna ndinene mosabisa kuti thabwa lenileni lili ndi vuto lake, ndipo vutolo ndi lalikulu kwathu kuno. Mtengo umamwa chinyontho n'kutupa, ukauma n'kukwinyika. Opanga magitala amalangiza chinyontho cha mumpweya cha pakati pa 45 ndi 55 peresenti. Ife tili ndi dzinja la mvula pamene zovala zimachita nkhungu m'nyumba, kenako October wouma, wotentha, pansi pa denga la malata. M'dzinja thabwa limatukumuka, mawaya n'kukwera. M'chilimwe limaphwa, mawaya n'kuyamba kukhudza mafureti (tizitsulo topingasa pa khosi la gitala), nsonga za mafureti n'kumakanda chala m'mphepete mwa khosi, ndipo likauma mopitirira limang'ambika. Lomatiza limapirira zonsezi bwino. Munthu amene gitala yake idzakhala ikuyenda m'maminibasi kupita ku misonkhano ndi ku maliro, n'kumagona paliponse, sanalakwe akasankha lomatiza lolimba. Kwa ine, amene ndimaphunzirira m'nyumba, thabwa lenileni kumaso ndi lomatiza kumbuyo ndi m'mbali ndi kumene mawu ndi kupirira zikukumana.

Komabe phunziro lalikulu silinali la thabwa. Bambo amene amandiphunzitsa, amene aimbira kwaya zaka zambiri, akapatsidwa gitala sayamba n'kuiliza. Amaitembenuza chammbali n'kuyang'ana mpata wa pakati pa mawaya ndi mafureti, umene oimba amati action. Anandiuza kuti ophunzira ambiri amene anasiyira panjira sanagonje ndi nyimbo, anagonja ndi mawaya okwera amene amacheka zala mpaka munthu n'kuganiza kuti alibe luso. Ndinazimva mumtima chifukwa ndikudziwa anzanga amene anasiya choncho.

Mpatawo umayezedwa pa fureti ya 12, kuchokera pamwamba pa kachitsulo ka fureti kufika kunsi kwa waya. Pa waya wonenepa wa E uyenera kukhala pafupifupi mamilimita 2.5, pa woonda pafupifupi 2. Ukafika 4 gitalayo ikhala yozunza. Karula kakang'ono kachitsulo ndi kokwanira kuyezera, ndipo palibe chochititsa manyazi kukatulutsa m'shopu. Mpata ukakhala waukulu, yang'anani kafupa koyera kamene kali pa bridge, kamene mawaya amatsamirapo. Ngati katalika, mmisiri angathe kukapala kunsi n'kutsitsa mawaya. Kuti mawaya atsike milimita 1 pa fureti ya 12, kafupako kamayenera kuchepa ndi mamilimita 2, chifukwa fureti ya 12 ili pakati penipeni pa waya. Koma ngati kafupako kapalidwa kale mpaka kungotsala pang'ono, mawaya n'kukhalabe m'mwamba, ndiye kuti khosi lenilenilo lagwadira kutsogolo. Kukonza zimenezo kumafuna kuchotsa khosi n'kulibwezeretsa, ndipo ntchito yake ingadye ndalama zoposa mtengo wa gitalayo. Yotero isiyeni, ngakhale ikhale ndi dzina lotchuka chotani.

Chimagwaditsa khosi ndi mphamvu ya mawaya. Mawaya asanu ndi limodzi achitsulo, a saizi yoyambira .012 (kunenepa kwa waya woonda kwambiri, m'mainchi), amakoka ndi mphamvu ya pafupifupi makilogalamu 70, usana ndi usiku. Limeneli ndi thumba la chimanga la makilogalamu 50 ndi kachigawo kena pamwamba, litapachikidwa pa thabwa lopyapyala lija. M'kati mwa khosi muli chitsulo chotchedwa truss rod cholimbana ndi kukokako. Kuti muone ngati khosi lili bwino, pondani waya wonenepa pa fureti yoyamba ndi pa ya 14 nthawi imodzi, muyang'ane pakati pake, cha pa fureti ya 7. Payenera kutsala kampata kongokwana kapepala kolimba. Mphamvu yomweyo imakokanso bridge, choncho pa gitala yakale yesani kulowetsa pepala kumbuyo kwa bridge. Likalowa, guluu wayamba kuleka. Ndipo gitala ya mawaya a nayiloni musadzaiike mawaya achitsulo. Sanaipangire kulemera koteroko, ambiri mwa magitalawa alibe ndi truss rod yomwe, ndipo imawonongeka.

Chomaliza kuyesa ndi kuchuna. Foni iliyonse yamakono ingathe kukhala ndi pulogalamu yochunira. Chunani waya, kenako mupondeni pa fureti ya 12. Noti iyenera kukhala yomweyo, kungoti yokwera. Ikasemphana kwambiri, makodi (manoti angapo olizidwa pamodzi) a pafupi ndi mutu wa gitala amveka bwino koma a m'kati amveka osokonekera, ndipo wophunzira amayamba kukayikira khutu lake pomwe vuto lili pa chipangizo. Pondaninso fureti iliyonse pa waya uliwonse kumvetsera phokoso la kukhudzana. Zimatenga nthawi, wogulitsa angatope nanu, koma ndalama ndi zanu.

Kukula kwa bokosi ndinakuganizira mochedwerapo. Lalikulu lija timaliona paliponse, dreadnought, linayamba ndi kampani ya Martin mu 1916, ndipo limatulutsa mawu amphamvu apansi oyenera kukhwatcha makodi kutsogolera gulu loimba. Koma munthu wa thupi laling'ono phewa limamupweteka akalikumbatira nthawi yaitali. Mabokosi ocheperapo, monga a Yamaha FS800, amakhala bwino pamwendo ndipo amayankha msanga ukamatola waya mmodzimmodzi ndi zala. Ine kumene mtima wanga uli ndi kutola, kaimbidwe kamene ndimakamva mwa malemu Daniel Kachamba a ku Chileka, kamene chala chachikulu chimayendetsa mawu apansi china chikuimba pamwamba. Kaimbidwe kotero sikafuna bokosi lalikulu.

Zamagetsi ndinazisiya dala. Magitala awiri akakhala pa mtengo umodzi, ina ili ndi pikapu (kachipangizo kotola mawu n'kuwatumiza ku zokuzira mawu) ndi kabokosi ka batire, ina ilibe, dziwani kuti ndalama ya pikapuyo yachotsedwa penapake, kawirikawiri pa thabwa. Amene akudziwa kuti Lamlungu lililonse azilumikiza ku zokuzira mawu za kutchalitchi, kwa iye ndi yofunika. Ena tonsefe tingadzagule pikapu yokoleka pa bowo m'tsogolo. Chimodzimodzi utoto wonyezimira ndi zokongoletsa za m'mphepete, sizionjezera kanthu pa mawu.

Magitala ogwiritsidwapo kale ntchito, amene abale amabwera nawo kuchokera ku Johannesburg kapena ku Britain, ndi amene angafikitse munthu wa ndalama zochepa pa gitala yoposa thumba lake. Ngozi yake ndi kugula pa chithunzi cha pa Facebook kapena WhatsApp. Chithunzi chakumaso sichionetsa khosi. Pemphani china chojambulidwa chammbali, rula ili pa fureti ya 12, ndi china cha kumbuyo kwa mutu wa gitala, pamene pamakonda kuthyoka n'kumatidwanso. Aliponso magitala ongolembedwa mayina a makampani otchuka pomwe si enieni, choncho suzumirani m'bowo muone chipepala cha kampani ndi nambala yake, komanso ngati ntchito ya m'katimo ili yaudongo.

Ndinasankha gitala ya bokosi locheperapo, yogwiritsidwapo ntchito, ya solid spruce kumaso, yopanda zamagetsi, yokalikakalika pang'ono m'mbali. Ndalama sindinazithere pa gitalayo. Gawo lina linapita kwa mmisiri amene anawongola khosi ndi kupala kafupa, lina pa mawaya atsopano a .011 ofewerapo ku zala, lina pa chikwama chochindikala. Wosunga ndalama za gitala aziwerengeratu zinthu zitatuzi, chifukwa ngakhale yatsopano yochokera m'katoni nthawi zambiri imafunabe dzanja la mmisiri. Panopa ndikulimbana ndi kodi ya F, imene chala chimodzi chimapondereza mawaya onse, ndipo ikutuluka yoyera kuposa mmene inkatulukira pa yobwereka. Chilimwe chikamayandikira ndidzaika kasiponji konyowa pang'ono m'kabokosi ka sopo koboolaboola m'chikwamamo, osakhudza thabwa, ndipo ndiziyeza mpata wa pa fureti ya 12 nyengo ikasintha kuti ndidziwe mmene thabwali likuyendera ndi mvula ndi dzuwa lathu.